Kodi galimoto imakhwima?

Woulutsa: Kalata yathu yachokera kwa bambo ena a ku Mwanza. Akuti: "Mwana wanga ndi mlonda ku Joni. Akuti bwana wake amayendera galimoto ya bulletproof, iyenso anamupatsa chovala chotero. Pofotokozera anzanga ndimati galimoto yokhwima. Ndikulakwa kodi?" A katswiri, ayankheni bambowa.

Katswiri: Zikomo bambo. Anzanuwo amakumvani ndithu, koma mawuwa ali ndi eni ake. Chimanga chimakhwima, nsungwi imakhwima, nzeru nazo zimakhwima. Koma mukati munthu uje ndi wokhwima, chipolopolo sichimulowa, aliyense amaganiza za mphini ndi zithumwa. A ku Mwanza simungaiwale nkhondo ya ku Mozambique. Kumeneko kunabuka gulu la Naparama, lotsogozedwa ndi Manuel António, amene ankatemera anyamata mphini n'kuwauza kuti mfuti siziwachita kanthu. Ankapita kunkhondo ndi mikondo ndi zikwanje, ndipo ena mwa adani awo a Renamo ankathawadi. Mu 1991 mtsogoleriyo anaphedwa pankhondo pomwepo. Ku Tanganyika nako, mu 1905, Kinjikitile Ngwale anagawira anthu madzi oti asandutse zipolopolo za Ajeremani kukhala madzi, ndipo anthu anatha ngati ntchentche. Zimandiwawa ndikaganiza kuti ambiri anali ana a eni, osiya makasu kumunda. Ndiye mawu onyamula maliro otere sindifuna tiwapachike pa galimoto.

Galimotoyo ilibe mphini. Ili ndi zitsulo zochindikala m'zitseko ndi magalasi osanjikiza. Itchuleni kuti galimoto yosabooka ndi zipolopolo.

Woulutsa: Nanga chovala cha mwanayo, chosabookanso?

Katswiri: Apa ndiye ndikana. Nenani kuti chovala choteteza ku zipolopolo. Zambiri zimasokedwa ndi ulusi wa Kevlar, umene Stephanie Kwolek anatulukira mu 1965. Ulusiwo umakola chipolopolo cha mfuti yaing'ono ngati ukonde, komabe munthu amatupa, pena nthiti kuthyoka. Chipolopolo cha AK-47 chimapyoza chovalacho, pokhapokha mkati atalowetsamo chimbale cholimba. Mawu oti kuteteza salonjeza zonse. Ambulera amateteza ku mvula, koma miyendo imanyowa. Mukamuimbira mwanayo, bambo, mumufunse ngati chovala chakecho chili ndi chimbale pachifuwa ndi kumsana.