Lizulu: mafunso a apaulendo ndi mayankho ake

Kodi Lizulu ndi ya Malawi kapena Mozambique?

Ya mayiko onse awiri. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, ndipo pa Lizulu kungowoloka phula kupita chakumadzulo ndiye kuti mwaponda dera la Angonia m'chigawo cha Tete. Malirewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, eni nthaka osafunsidwa. Mpaka lero pali mabanja amene nyumba ili kuno, munda uli uko, manda a agogo ali uko.

Nanga mbatata ndi kabichi zonsezi za pamsika wa Lizulu zimachokera kuti?

M'mapiri ozizira a mbali zonse ziwiri. Kachewere, karoti, anyezi, nsawawa ndi kabichi zimakonda mphepo ya kuno, ndipo madimba salola msika kugona ngakhale m'chilimwe. Kum'mwera kwa boma la Ntcheu, Tsangano nayo ndi yotchuka ndi kachewere. Opikula amadzaza magalimoto kupita ku Lilongwe ndi Blantyre, kotero tchipisi chambiri cha pachiwaya m'tauni chinayambira m'mizere ya kuno.

Ndiye kuti alimi ake ndi olemera?

Ochepa. Tomato sadikira mtengo. Mlimi amene wafika ndi dengu m'mawa ayenera kuligulitsa dzuwa lisanalowe, ndipo wopikula amadziwa zimenezo. Amene ali ndi galimoto ndiye amatchula mtengo, pamene wa khasu wagula kale feteleza ndi mankhwala.

Chifukwa chiyani anthu amati kuno ndi kwa Gomani?

Pa Lizulu ndi likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani, mfumu yaikulu ya Angoni a Maseko. Angoniwa anachokera kum'mwera kwa Africa, anakafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kenako anabwerera n'kukhazikika pa phiri la Domwe, lomwe lero lili ku Mozambique. Malire aja anadula ufumu umodzi pakati. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anakana kugonjera atsamunda ndipo asilikali a Angerezi anamupha mu 1896. Amene ali pampando lero, Gomani V, anavekedwa ufumu mu 2012.

Kodi ulimi unakhudzana bwanji ndi ndale?

Apa ndi pamene apaulendo ambiri sadziwa. Boma la atsamunda linkakakamiza anthu kutsatira malamulo a malimidwe, monga kuunda mizere yopingasa ndi migula yotchinga madzi, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Mu 1953, pamene Angerezi ankalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya, Inkosi Philip Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Boma linaichotsa pampando. Apolisi atabwera kudzaitenga, anthu anaitchinjiriza, ndipo inawolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott. Apwitikizi anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Chodabwitsa n'chakuti mizere yomweyo ndi imene alangizi amalimbikitsa lero, ndipo m'mapiri otsetsereka chonchi ili ndi phindu ndithu. Chimene anthu ankakana chinali chikakamizo.

Kodi Chingoni chimayankhulidwabe?

Pamsika mudzamva Chichewa, mwina ndi mawu a Chipwitikizi apo ndi apo. Angoni anakwatira akazi a kuno, ana n'kutenga chiyankhulo cha amayi awo. Chingoni chatsalira m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo monga Maseko ndi Ngozo, ndiponso m'malonje a kwa mfumu. Wofuna kuona zishango ndi nthenga apite ku Umhlangano wa Maseko, umene umachitikira ku Nkolimbo chaka ndi chaka.

Ndikatsika basi, ndigule bwanji?

Musathamangire chidebe choyamba chimene chafika pawindo. Tsikani, yendani pang'ono, ndipo pemphani kuti akhuthule muone za pansi, poti zazikulu zimakhala pamwamba. Kunenerera n'kololedwa. Mukagwirizana, funsani mwaulemu kuti, "Mayi, basela palibe?"