PHUNZIRO 17: NGONGOLE NDI CHUMA CHA MASIYE

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:1-7, Numeri 27:1-11
Vesi loloweza: Yakobo 1:27
Cholinga: Kuti Mkhristu adziwe kubweza ngongole msanga, ndiponso kusamala chuma chimene womwalira wasiya.

Mau oyamba

Maliro akatha, anthu nabalalika pa siwa, m'nyumba mumatsala mafunso awiri. Loyamba: kodi malemu anasiya ngongole kwa yani? Lachiwiri: nanga chuma chimene asiya nchayani? Mafunso amenewa apasula mabanja ambiri m'chigwa chathu chino, kuyambira ku Chikwawa, Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Bangula ndi Nsanje. Mwina inu simunakumane nawo, koma tsiku lake likubwera, ndipo nkwabwino kuti likupezeni mutadziwa chochita.

1. Mkazi wamasiye ndi mafuta

Werengani nkhani ya pa 2 Mafumu 4 mofatsa. Mwamuna amene anamwalirayo anali woopa Mulungu, komabe anasiya ngongole. Mwini ngongole anafuna kutenga ana awiri aamuna kuti akhale akapolo ake. Taonani kuti ngongole simalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake, imatsala pakhomo. Akulu amati mlandu suola.

Elisa anayamba wafunsa mkaziyo chimene chinalipo m'nyumba. Munali kambiya ka mafuta kokha. Mafuta atachuluka nadzaza zotengera zonse zobwereka, mneneri analangiza zinthu zitatu motsatana: kugulitsa mafuta, kubweza ngongole, kenaka kudzisunga pamodzi ndi ana ndi zotsalazo. Gwirani dongosolo limeneli. Choyamba werengani zimene zilipo. Chachiwiri bwezani ngongole. Chachitatu samalani zotsala kuti zilere ana.

2. Chifukwa chobwezera ngongole msanga

Tiyeni tichite samu monga tinkachitira m'kalasi. Tiyerekeze kuti bambo anakongola ndalama ku banki zomangira nyumba pa Nchalo, ndipo pomwalira panatsala K2,000,000, pa chiongoladzanja cha 30 pa 100 pachaka. Chiongoladzanja chokha ndi K600,000 pachaka, ndiye kuti K50,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Tsono mayi akalandira ndalama za penshoni ya malemu napereka K1,000,000 nthawi imodzi, chiongoladzanja chitsika kufika pa K25,000 pamwezi. K25,000 inayo yapulumuka, ndipo ikhoza kugula ufa ndi kulipira sukulu. Ngongole ya nyumba ili ndi choopsa chinanso: nyumbayo ndi chikole, ndipo mukaleka kulipira, banki ikhoza kuigulitsa ana nkutsala panja.

Koma musanapereke ndalama, pitani kukafunsa zinthu zitatu. Funsani ngati ngongoleyo inali ndi inshuwalansi, pakuti ngongole zambiri za ku banki zimakhala ndi inshuwalansi imene imalipira zotsala wokongolayo akamwalira. Funsani ngati pali chindapusa cha kubweza nthawi isanakwane. Funsaninso kuti akulembereni pa pepala ndalama zonse zotsala. Mukatsiriza kulipira, landirani kalata yotsimikiza ndiponso mapepala a nyumba amene anali chikole.

Ngati ngongole zili zingapo, yambani ndi imene ikukula mofulumira. Katapila amene amachulukitsa ndalama mwezi ndi mwezi ndiye woyamba kumuchotsa, kenaka ya ku banki mkhonde, kenaka ya ku banki. Ndipo munthu akabwera nanena kuti malemu anali naye ngongole, musakangane naye, komanso musathamangire kulipira. Mpempheni kalata kapena mboni, ndipo pakhale akulu a banja.

3. Musatsale manja okha

Elisa anafunanso kuti mkaziyo atsale ndi chodyera. Ife a kuchigwa tikudziwa mmene Shire, Ruo ndi Mwanza zimachitira. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda, ziweto ndi nyumba. Banja limene lagulitsa ng'ombe zonse ndi mbuzi zonse kuti limalize ngongole tsiku limodzi, likapeza tsoka lotere limabwerera kwa katapila. Chotero siyani chakudya chofika nacho pa kukolola, mbeu, fizi ya ana, ndi ng'ombe zazikazi zobereka.

Komanso musakumbire ndalama pansi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo mitengo ya katundu inakwera. Ndalama yongogona m'chitini imafota ngati masamba a nkhwani padzuwa. Zotsala mukabweza ngongole ziikeni pa zinthu zokhalitsa: maphunziro a ana, ziweto, ndi kukonza nyumba. Ndipo musapange chiganizo chachikulu misozi isanaume. Pa nthawi imeneyo pamabwera abwenzi ambiri a malonda okoma ndi opempha ngongole. Kuona maso a nkhono nkudekha.

4. Chumacho nchayani?

Pa Numeri 27 tikuona ana aakazi asanu a Zelofehadi ataima pamaso pa Mose. Atate awo anamwalira opanda mwana wamwamuna, ndipo iwo anapempha cholowa. Mulungu anawavomereza, ndipo chigamulocho chinasanduka lamulo mu Israyeli.

Kuno kwathu miyambo ndi yosiyana. Pakati pa Asena, kumene amapereka lobola, mau amakhala ndi akuchimuna. Pakati pa Amang'anja mwambo wakale umatsata kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Miyambo yonse iwiri inaika mkulu wa banja kuti alere ana amasiye. Koma umbombo ukalowa, wolerayo amasanduka wolanda: njinga, wailesi, malata ndi ng'ombe zimachoka mtembo usanazizire.

Dziwani kuti dziko la Malawi lili ndi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1967. Lamuloli likuti munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, aamuna ndi aakazi omwe, pamodzi ndi ena amene ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Wovutitsidwa apite ku polisi, ku khoti, ku ofesi ya Bwanamkubwa pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje, kapenanso kwa Administrator General. Ndipo wamasiye asaopsezedwe kuti adzataya katundu akakana chokolo kapena kulowa kufa. Lamulo silimlanda kanthu chifukwa chokana.

5. Konzani nyumba yanu muli moyo

Pa Yesaya 38 mfumu Hezekiya atadwala anauzidwa kuti alongosole za banja lake. Ena amaopa kuti kulemba wilo nkuitana imfa. Imfa siidikira kuitanidwa, abale. Wilo ndi kalata yonena amene adzalandire chuma chanu. Mumaisaina pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo nazonso zimasaina. Sankhani mboni zimene sizidzalandira kanthu, ndipo muisunge pa malo odziwika. Ngati muli pa ntchito, onani kuti maina a mkazi ndi ana alembedwa pa fomu ya penshoni. Lembani ngongole zanu zonse m'kope limodzi, zimene mwakongola ndi zimene mwakongoza, ndipo mnzanu wa m'banja adziwe. Ngongole yobisa imalasa ana.

Ntchito ilinso pa mpingo. Akulu a mpingo, atumiki ndi amayi a Mvano asalekere pa nyimbo za pa siwa. Akhalepo pa tsiku logawa katundu, aperekeze wamasiye ku maofesi, ndi kudzudzula Mkhristu aliyense wotambasula dzanja pa chuma cha ana a mbale wake.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene Elisa analangiza mkazi wamasiye. Nchifukwa ninji zinatsatana motero?
2. Kodi wamasiye afunse chiyani ku banki asanabweze ngongole ya nyumba?
3. Nanga inu mungachitenji mutaona mbale wanu akutulutsa ng'ombe m'khola la malemu?
4. Kodi a m'nyumba mwanu akudziwa ngongole zimene muli nazo?

Pemphero

Atate wa ana amasiye, tiphunzitseni kubweza zimene tinakongola ndi kukhutira ndi zathu. Sungani manja athu kuti asalande cholowa cha ofooka, ndipo mutonthoze onse olira m'midzi yathu. M'dzina la Yesu Khristu. Amen.