Yang'anani muvi musanakoloweke thumba

Omvera athu ku Misuku, Nthalire, Wenya, Kameme ndi pa boma pa Chitipa, lero ndabwera mtima ukundiwawa. Loweruka lapitali ndinaona bambo wina akugulitsa nyemba kwa venda. Venda akukoloweka thumba pasikelo, bambowo ali kumbali akumasula chingwe cha njinga. "Makilo 46, madala!" Iwo nʼkungoti zikomo. Zikomo wa chiyani? Munalima chaka chonse, lero mukuchita manyazi kusuzumira pasikelo? Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Sikelo yopachika pamtengo ija, ya mbedza kunsi, imayendera sipuling'i, ndipo ili ndi kopotokolera kosunthira muvi. Munthu wosaopa Mulungu amangobweza muviwo kumbuyo kwa 0. Ndiye thumba lisanakwere, imani kutsogolo kwenikweni kwa sikelo, osati chammbali, muone ngati muvi wagona pa 0. Akakudyerani makilogalamu 2 pa thumba lililonse, pa matumba 25 mwapereka thumba lathunthu la makilogalamu 50 kwaulere. Fizi ya mwana imeneyo!



Ena mumati sikelo ya batire, yolemba manambala, siinama. Nayonso iyambire pa 0, ndipo ikhale pamalo osapendekeka. Ngakhale yaikulu yoikapo matumba pansi ija, phazi la munthu likatsamira m'mphepete, manambala amasintha. Ya miyala ya m'sitolo, mbale zikhale zopanda kanthu, zilingane kaye. Nanga amayi, ku sikelo ya ana simuona alangizi a zaumoyo akuyamba akonza muvi asanakoloweke mwana? Bwanji pa khofi wanu wa ku Misuku, pa chimanga ndi nyemba, mumangokhala chete?

Za ndowa yopimira ndiye musandiyambitse. Ndowa yophwanyidwa pansi kuti ifutukuke si muyeso. Ndipo inu alimi othira mchenga m'thumba, kuba nʼkuba, musamaloze venda yekha.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo a malonda nʼkuikapo chizindikiro chake. Funsani muchione. Safunsa anadya phula. Komanso nyamulani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, muyambe mwayeza imeneyo. Venda akakana, mangani thumba lanu panjinga, mupite kwa wina.