Kasungidwe ka Zipolopolo Pakhomo pa Mlimi

Alimi anzanga, sabata ino tipatuke pang'ono pa nkhani za mbeu ndi feteleza kuti tikambirane za katundu wina amene satchulidwa kawirikawiri pa tsamba lino, koma akupezeka m'nyumba za alimi ena. Katundu ameneyu ndi zipolopolo za mfuti. Inu amene minda yanu inachita malire ndi nkhalango kapena mapiri mukudziwa kuti chimanga chikayamba kukhwima mu Febuluwale ndi Malichi, nguluwe ndi anyani amabwera kudzakolola osaitanidwa. Alimi ena a m'madera otere ali ndi mfuti ya chifefe imene anailembetsa kupolisi. Mfutiyo amaipukuta ndi kuidzoza mafuta, koma zipolopolo amangoziika paliponse ngati misomali yotsala pomanga nyumba.

Dzinja lina ndinapita kukaona munda wa bambo wina amene amalima m'munsi mwa phiri. Atandionetsa mizere imene nguluwe zinafukula, anandidandaulira kuti usiku wa dzana lake anazipeza m'mundamo, koma mfuti inakana kulira. Anayesa chipolopolo chachiwiri, chimenecho chinakana ngakhale kulowa mumfuti. Iwo ankaganiza kuti pali munthu amene anawamangira mfutiyo ndi mankhwala.

Ndinapempha kuti ndione nawo pamene amasunga zipolopolo. Anandilowetsa m'chipinda chosungiramo katundu, nakwera pa thumba la feteleza wa yureya, natsitsa kajumbo ka shuga kamene kanali pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata. Pafupi pomwepo panali chigubu cha parafini. M'kajumbomo munali zipolopolo 17. Zina zinali ndi dzimbiri kumunsi, ziwiri za khoko la pepala zinali zitatupa, ndipo chimodzi chinali chachikasu, chocheperako, chimene anati anapatsidwa ndi mnzawo. Chitseko cha chipindacho chinalibe loko, ndipo adzukulu awo ankalowamo tsiku liri lonse kukatapa chimanga cha nkhuku. Ndinawauza kuti palibe amene anawalodza, ndipo kuti mwayi wawo unali waukulu chifukwa kachikasu kaja sanakagwire mumdima. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Adani anayi a chipolopolo

Chipolopolo cha chifefe chiri ndi khoko la pulasitiki kapena la pepala, tsinde lachitsulo, kabatani kapansi kamene kamabaidwa kuti kayatse moto, onga, ndi timipira ta mtovu. Monga mbeu, chipolopolo chimaoneka chabwino kunja pamene m'kati chinafa kale. Chosungidwa bwino chimakhala zaka zambiri, koma chiri ndi adani anayi.

Woyamba ndi chinyezi. Khoko la pepala limamwa chinyezi n'kutupa, ndiye sililowa mumfuti. Makoko a pulasitiki, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1960, satupa, koma tsinde lake nthawi zambiri ndi chitsulo chongokutidwa ndi mkuwa, choncho limachita dzimbiri. Chinyezi chikafika pa kabatani kapena pa onga, chipolopolo sichilira, kapena chimalira mofooka.

Wachiwiri ndi kutentha. Onga ukakhalitsa pamalo otentha umaonongeka pang'onopang'ono. Pansi pa malata mu Okutobala pamatentha masana n'kuzizira usiku, ndipo kusinthasintha kumeneku kumachititsa kuti chitsulo chizichita thukuta.

Wachitatu ndi mpweya wa feteleza ndi wa m'khola. Mlimi aliyense anaonapo mmene khasu losiyidwa pa thumba la feteleza limachitira dzimbiri. Palinso phunziro lakale lochokera ku India. Asilikali a dziko la Britain ali kumeneko ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo nyengo ya mvula, ndipo mvula ikatha ankapeza makoko ambiri a mkuwa atang'aluka. Mu 1921 akatswiri anafotokoza kuti chimene chinkang'alula mkuwawo ndi mpweya wa amoniya wochokera mumkodzo wa akavalo. Mpweya womwewo ndi umene umatilasa m'mphuno m'khola la mbuzi kapena la nkhuku, ndiponso pa yureya amene wanyowa.

Wachinayi ndi mafuta. Parafini, dizilo ndi mafuta odzozera mfuti amalowerera m'timipata ting'onoting'ono n'kupha kabatani kapena onga. Mfuti imafuna mafuta, chipolopolo sichiwafuna.

Bungwe la SAAMI, limene makampani opanga mfuti ndi zipolopolo ku America anakhazikitsa mu 1926, limalangiza zomwezi: zipolopolo zikhale pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi moto, mafuta ndi mankhwala, ndipo zisamasiyidwe m'galimoto yoima padzuwa.

Phunziro lochokera ku America

Anthu amene anazama pa kasungidwe ka zipolopolo ndi alenje ndi ochita masewera owombera a ku America. Kumeneko lamulo limalola munthu kutola makoko a zipolopolo zimene waomba n'kuwadzazanso kunyumba kuti azigwiritsa ntchito yekha. Popeza zipolopolo zotere sizichokera kufakitale, mwini wake ndiye amayenera kuzipezera bokosi ndi kuzilembera dzina.

Amagwiritsa ntchito timabokosi ta pulasitiki tokhala ndi zipinda 50 kapena 100, chipolopolo chiri chonse m'chipinda chake, kotero kuti ukangotsegula umadziwa zimene zatsala popanda kuwerenga chimodzichimodzi. Zipolopolo zodzazidwa tsiku limodzi zimalowa m'bokosi lawolawo, osasakaniza ndi za tsiku lina. Pa bokosipo amamatapo pepala lonena tsiku, kukula kwa chipolopolo, mtundu ndi muyeso wa onga umene unalowamo, ndiponso kuti makokowo adzazidwa kangati, pakuti khoko limatopa. Timabokosito amatiika m'mabokosi achitsulo a asilikali okhala ndi mphira pachivindikiro, kuti mpweya wa chinyezi usalowe.

Amavutikiranji chonchi? Chifukwa chipolopolo chimene chinalakwika pa muyeso wa onga chimafanana ndendende ndi chabwino. Chimodzi chikachita zachilendo, mwini wake amayang'ana pepala lija n'kupatula bokosi lonse la tsiku limenelo, zinazo n'kukhala nazo mtima uli m'malo. Akanasakaniza, akanayenera kukayikira zonse. N'chifukwa chakenso anthu amenewa ali ndi mwambo wakuti saomba chipolopolo chodzazidwa ndi munthu wina chimene sakudziwa mbiri yake.

Ndisakunamizeni, sindikukuphunzitsani kudzaza zipolopolo. Kuno kwathu lamulo la za mfuti la mu 1967 limati kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo kupanga zipolopolo si ntchito imene munthu angangoyamba kuseri kwa nyumba. Chimene tikubwereka kwa anzathuwa ndi dongosolo lawo lokha: chipolopolo chiri chonse chikhale ndi bokosi lake, dzina lake ndi nambala yake m'kaundula. Ndi zomwe timachita kale ndi mbeu, pamene sitisakaniza chimanga cha makolo ndi cha haibulidi m'thumba limodzi losalembedwa.

Za kachikasu kaja

Mfuti za chifefe zimasiyana kukula kwa mpope. Zambiri ndi za nambala 12, koma ziripo za nambala 16 ndi 20, ndipo nambala ikamakwera mpope umachepa. Nambalayi imadindidwa pa mfuti ndi pansi pa chipolopolo. Mfuti ya bambo aja inali ya 12, pamene kachikasu kaja kanali ka 20. Chipolopolo cha 20 chikalowa mumfuti ya 12 chimatsetsereka n'kukakakamira m'kati mwa mpope. Munthu mumdima amayesa kuti sanaikemo kanthu, ndiye amaika cha 12 pambuyo pake n'kuomba. Mpope umaphulika pomwe pali dzanja lake ndiponso pafupi ndi nkhope yake. Ngoziyi ndi yodziwika kwambiri moti makampani ambiri amapanga zipolopolo za 20 zachikasu dala kuti zizioneka.

Kutalika nakonso kumasiyana. Pali zipolopolo za mamilimita 70 ndi za mamilimita 76. Chachitali chimatha kulowa mumfuti yopangidwira zazifupi, koma pophulika chimasowa malo otsegukira, ndipo mphamvu yake imapanikiza mfuti kupitirira muyeso. Werengani zimene zinadindidwa pa mpope wa mfuti yanu, ndipo mugule zokhazo.

Zoyenera kuchita

1. Siyani zipolopolo m'katoni imene munagulira. Katoni ya chifefe imakhala ndi zipolopolo 25 ndipo inalembedwa kale nambala, kutalika ndi kukula kwa timipira. Inu mungoonjezapo mwezi ndi chaka chimene mwagula.

2. Zotsala zimene mwabwera nazo kuchokera kumunda zipukuteni ndi kansalu kouma, ziume kaye pamthunzi, kenaka zibwerere m'katoni yake yomweyo. Zisagone m'thumba la jekete.

3. Makatoniwo muwaike m'bokosi lolimba lotsekeka bwino ndi loko. Muikemo timatumba ta silika, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo a mankhwala, ndipo muzitisintha chifukwa tikakhuta chinyezi timasiya ntchito. Bokosilo mulongedze tsiku ladzuwa, osati kunja kukugwa mvula, kuopa kutsekeramo chinyezi.

4. Bokosi likhale pa thabwa kapena pa shelefu, osati pa dothi kapena pa simenti, lisagunde khoma lakunja, ndipo litalikirane ndi malata. Lisakhale kukhitchini, kukhola, kapena m'chipinda cha feteleza, parafini ndi mankhwala ophera tizilombo.

5. Mfuti isungidwe yopanda chipolopolo, yokhomedwa pamalo pake, zipolopolo pamalo ena. Kiyi akhale ndi mwini chiphaso yekha, osati pa msomali kuseri kwa chitseko. Ku South Africa lamulo la mu 2000 limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi sefa yovomerezeka, ndipo munthu wamba saloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti imodzi. Nzeru yake ndi yakuti katundu wochepa ndi wokhomedwa savuta kulondera.

6. Yambani kugwiritsa ntchito zakale, zatsopano zidikire. Katoni yakale ikhale pamwamba.

7. Sungani kope. Lembani zimene mwagula, zimene mwatulutsa, zimene mwaomba ndi zimene mwabweza. Chipolopolo chimodzi chikasowa mudzadziwa tsiku lomwelo, mwana asanapite nacho kudambo kukachiyesa ndi mwala. Kopelo lidzakuthandizaninso apolisi akadzafuna kudziwa za katundu wanu.

Chipolopolo chikakana kulira

Musafulumire kutsegula mfuti kapena kusuzumira mumpope. Nthawi zina chipolopolo chimene chinamwa chinyezi chimachedwa kuyaka. Lozani mfuti kumene kulibe munthu kapena chiweto, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 30, kenaka mutsegule nkhope yanu iri kumbali. Ngati chalira mofooka kapena mwachilendo, chotsani chiri chonse mumfuti ndipo muonetsetse kuti mumpope simunatsale kanthu musanaikemo china.

Zipolopolo zotupa, zong'aluka, za dzimbiri, zokana kulira ndi zija simukudziwa kumene zinachokera, ziikeni m'katoni yakeyake yolembedwa kuti "zoonongeka", ndipo mukazipereke kupolisi. Musaziponye pamoto, kudzala, m'chimbudzi kapena kumunda. Dzala limatenthedwa, ndipo chipolopolo chikapsa chimaphulika n'kumwaza tizidutswa timene tingathe kuboola diso la mwana amene akuotha pafupi. Musachiphwasulenso kuti mutengemo onga.

Mfuti si mlonda woyamba wa munda

Monga mlangizi wa zaulimi ndiyenera kunena ichi. Mfuti imabwera pambuyo pa njira zina: kulondera mosinthana, mpanda, ngalande, agalu, ndiponso kubzala nthawi imodzi ndi anzanu oyandikana nawo kuti munda wanu usakhale wokhawokha wokhala ndi chimanga chokhwima. Nyama zambiri ndi zotetezedwa ndi lamulo la za nyama za kutchire la mu 1992, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017. Njovu, mvuu kapena njati zikalowa m'munda, kanenani kwa a nthambi yoona za nyama za kutchire. Chiphaso cha mfuti si chilolezo chopha nyama iriyonse.

Bambo aja ndinawasiya tsiku limenelo titapatula zipolopolo zisanu ndi chimodzi zokapereka kupolisi, kachikasu kaja kali pomwepo. Zotsalazo zinalowa m'kabokosi kachitsulo kamene kale ankasungamo ziphaso za munda, ndipo loko anagula sabata yomweyo pamsika, pa mtengo wosafika wa nkhuku imodzi. Nditadutsakonso nthawi yokolola anandionetsa kope lawo, ndipo chiwerengero cha m'kopemo chinagwirizana ndi cha m'bokosi.

Inunso sankhani masiku awiri pa chaka otsegula bokosi ndi kuyendera katundu yense: mu Okutobala pamene mukukonza mbeu mvula isanagwe, ndi mu Meyi mvula itatha. Werengani, yang'anani dzimbiri, sinthani timatumba ta silika, lembani m'kope, khomani. Ngati pali chimene simukuchimvetsa pa chiphaso chanu kapena pa mtundu wa zipolopolo zoyenera mfuti yanu, funsani kupolisi kapena kwa wogulitsa wovomerezeka. Paja safunsa anadya phula.