NZERU NDI CHIKHULUPIRIRO: PHUNZIRO LA THOMAS AQUINAS WOYERA

Mwana wa sukulu akafunsa kuti, "Tidziwa bwanji kuti Mulungu alipo?" akulu ambiri amkalipira nati maphunziro amuononga. Kutero nkulakwa. Funso limeneli si lachilendo mu Eklezia, ndipo inu aphunzitsi a katekisimu muyenera kudziwa m'mene analiyankhira Thomas Aquinas Woyera, wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, amene anamwalira ku Fossanova m'dziko la Italy m'chaka cha 1274.

Masiku akewo mabuku a Aristotle, Mgriki amene anakhala Ambuye Yesu asanabadwe, anali kufika m'sukulu zazikulu za ku Ulaya pamodzi ndi mafotokozedwe a anthu anzeru achisilamu, monga Avicenna ndi Averroes. Ambiri anachita mantha, kotero kuti mu 1210 mabuku ena a Aristotle analetsedwa ku Paris. Thomas sanaope. Anawerenga Mgriki, Asilamu ndi Myuda Maimonides yemwe, natola zoona paliponse anazipeza, nakana poyera zimene anaona kuti nzolakwa. Maganizo ake anali akuti Mulungu amene anatipatsa nzeru ndi yemweyo anatiululira za chipulumutso, ndipo Iye sangadzitsutse yekha.

Tsono pali zoona zina zimene nzeru ikhoza kuzifika payokha. Taonani khasu: silima lokha, koma dzanja liliyendetsa, dzanjalo liyendetsedwa ndi munthu, munthunso sadzipatsa yekha moyo ndi mphamvu. Zonsezi nzobwereka, ndipo chobwereka chili ndi mwini wake. Mzere wa obwerekana ungatalike chotani, payenera kukhala Woyamba wosabwereka kwa wina, ndiye Mulungu. Thomas anapereka njira zisanu zotere, ndipo Msonkhano Woyamba wa Vatican unatsimikiza mu 1870 kuti munthu angathe kudziwa Mulungu ndi nzeru yake poona zolengedwa. Koma za Utatu Woyera ndi za kudzichita munthu kwa Mwana wa Mulungu, nzeru siingazipeze yokha. Zimenezi tizilandira pa mau a Mulungu, ndipo nzeru ingosonyeza kuti sizitsutsana ndi zoona zina.

Chotikhudza koposa ife ndi kaphunzitsidwe kake. M'buku lake lalikulu, Summa Theologiae, pa funso lililonse ayamba ndi mau a omtsutsa, nawaika mwamphamvu ndi mwachilungamo, kenaka ndi pamene ayankha limodzi ndi limodzi. Ndi angati mwa ife amene timva funso la wophunzira mpaka kumapeto tisanamdule pakamwa? Ananenanso kuti mphunzitsi afanana ndi sing'anga. Sing'anga apereka mankhwala, koma thupi ndilo lipoletsa bala ndi mphamvu imene Mlengi anaikamo. Chimodzimodzi mphunzitsi sathira nzeru m'mutu mwa mwana monga madzi mumtsuko. Iye ayamba ndi zimene mwanayo adziwa kale, namtsogolera pang'onopang'ono kufikira ataona yekha. Nchifukwa chake mwana amene aloweza mayankho onse a katekisimu, koma osatha kufotokoza limodzi m'mau akeake, sanayambe kudziwa. Ndipo akadzakumana ndi wotsutsa wochenjera ku tauni, adzasowa chonena.

Buku lalikululo sanalimalize: analeka kulemba kumapeto kwa 1273, miyezi yowerengeka asanamwalire. Papa Leo XIII anamuika kukhala nkhoswe ya sukulu zonse za Chikatolika mu 1880, ndipo tsiku lake tilikumbukira pa 28 January.