Kusamuka ndi Mwana Banja Likatha

Banja likasokonekera, si zachilendo kumva kuti mayi walawira m'bandakucha ndi mwana kumbuyo, kapena kuti bambo wakatenga mwana kusukulu nawoloka naye malire kunka ku Tete kapena ku Chipata, mnzake osadziwa. Aliyense amatsamira mwambo: kuchikamwini ana ndi a mbumba ya mayi, kumene kuli malowolo ndi a kwa bambo.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lili ndi njira yake. Ankhoswe akalephera kugwirizanitsa mbali ziwirizo, kholo kapena wachibale angathe kupempha bwalo la milandu ya ana kuti ligamule womsunga mwanayo. Bwalo silifunsa amene anafulumira kumtenga. Limaona chimene chingamkomere mwana: msinkhu wake, maganizo ake, ndi ubwino wosamlekanitsa ndi abale ake. Lamulo lomweli likuti kutenga kapena kubisa mwana mosaloledwa, popanda chilolezo cha kholo kapena womsunga, ndi mlandu.

Komatu chigamulo chisanafike, thupi la mwana limakhala litayamba kale kulipira. Wochoka mobisa sakumbukira bukhu la kusikelo. M'bukhumo ndi mmene mwalembedwa kulemera kwa mwana ndi katemera amene walandira: wa pobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Popanda ilo, namwino wa kumalo atsopano amangodalira zimene kholo likukumbukira, ndipo kholo limene silinkapita naye kusikelo silikumbukira kanthu. Ngozi imakula ngati mwana akumwa ma ARV, mankhwala a khunyu, kapena a chifuwa chachikulu amene amamwedwa kwa miyezi ingapo osadukiza. Kudukiza kumadzutsa matenda, ndipo nthawi zina tizilombo timayamba kupirira mankhwalawo. Wobisa mwana amaopanso chipatala, poganiza kuti angazindikirike kumeneko.

Choncho kholo lofuna kusamuka liyenera kuyamba lagwirizana ndi mnzake pamaso pa ankhoswe, makamaka molemba, kapena kupeza chigamulo cha bwalo. Kenaka lipite kuchipatala kukatenga kalata yosamutsira mwana ndi mankhwala okwanira ulendowo.

Nkhani imasiyana pamene m'nyumba muli nkhanza. Mayi womenyedwa, kapena amene mwana wake akuzunzidwa, asadikire ankhoswe. Achoke, koma tsiku lomwelo akanene kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa mlangizi wa boma woona za chisamaliro cha anthu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola bwalo kupereka chikalata chomteteza. Bukhu la kusikelo likatsala m'nyumbamo, afotokozere namwino pa chipatala choyamba chimene angafike.