Mawu Opingasa ndi Nzeru za Gulu

Masewera odzaza mawu opingasana m'timabokosi, omwe pa Chingerezi amati crossword, adatchuka kuyambira pa 21 Disembala 1913 pomwe Arthur Wynne adawasindikiza m'nyuzipepala ya New York World. Ambiri amawaona ngati masewera a munthu mmodzi ndi pensulo yake. Ine ndikuona mosiyana.

Kwathu ku Ligowe, m'boma la Neno, tidakula tikuponyerana zilapi madzulo. Woponya chilapi sayembekeza yankho lochokera m'mutu mwa munthu mmodzi. Amadalira zomwe mudzi wonse umadziwa kale za nkhokwe, mtondo ndi dzira. Funso la crossword limagwira ntchito chimodzimodzi. Wolemba ndi woyankha sadziwana, komabe amakumana pa liwu limodzi. Izi zikufanana ndi zomwe Émile Durkheim adafotokoza mu 1893, zakuti gulu limakhala ndi maganizo ndi zikhulupiriro zake zomwe zimaposa munthu payekha.

Mu 1944 apolisi achinsinsi a ku Britain adafunsa mafunso Leonard Dawe, mphunzitsi wamkulu yemwe ankalemba masewerawa mu Daily Telegraph, chifukwa mayankho ake adatulutsa mawu obisika a nkhondo monga Utah, Omaha ndi Overlord. Patapita zaka, mmodzi mwa ophunzira ake adaulula kuti anyamata ndiwo ankamupatsa mawu omwe ankawamva kwa asilikali. Chinsinsi chidali chitafala kale pakamwa pa anthu.

Koma gulu lake liti? Tiyerekeze funso ili: "Mbewu ya kumapiri yokazingira tchipisi, zilembo 9." Wa ku Neno angalembe kachewere. Wina wa ku Ntcheu kapena Dedza angalembe mbatatesi. Onse awiri akwanira m'timabokosi, ndipo palibe wanama. Chomwe chimagamula ndi liwu lopingasa, ndiye kuti ndi chilankhulo cha yemwe adalemba. Nkhaniyi si yachabe kwa ife ophunzira zilankhulo. Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatsamira kwambiri kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Mwana wa kummwera amatha kuuzidwa kuti walakwa pomwe wangoyankha m'mawu a agogo ake.

Palinso vuto la kalembedwe. Kodi ng' ya m'liwu loti ng'ombe ikhale m'bokosi limodzi kapena awiri? Nanga kachizindikiro kake kapite kuti? Tikakachotsa, ng'oma ndi ngoma zimafanana, chonsecho china ndi choimba, china ndi nyama ya m'tchire.